Zenera la Kumbali

Kalata ya khonsolo inafika Lachiwiri,
yopinda patatu, chidindo pakona,
ine nditaunjika kale njerwa makumi anayi
zoti nditseke zenera la kumbali.

Akuti: Mwini nyumba,
sitolo yanuyi yalowa m'kaundula wa nyumba zakale.
Musagumule. Musatseke.
Musapake utoto wina koma njereza.
Malata akadontha, bwerani mudzapemphe chilolezo.
Msomali uliwonse uli ndi fomu yake.

Ndinaseka mpaka wanjinga wina anaima
kufunsa ngati penshoni yatuluka.

Zenera limeneli, inu a khonsolo, mukulidziwa?
Polowa mutu ndi dzanja limodzi, basi.
Tawuni ino ikadali Foti Jemusoni
atate anga, a Yotamu Miti, ankaima apa,
dzuwa la Okutobala likuwotcha pankhongo,
chipewa m'manja,
kudikira kuti a khomo lakutsogolo athe kusankha.
Nyama inkatuluka pano yokulunga kale,
osaiona, osafunsa;
ukafika ku Kapata, kumasula pepala,
mafupa ndi mitsempha.
Chikhalirecho njerwa za khomali anaumba ndi iwo
kudambo la Lunkhwakwa.
Ina ili ndi chala chawo, ndingathe kukulozerani.

Nyumbayi ndinagula ndi ndalama za salaula,
zaka khumi ndi zinayi ndikumanga lamba,
kuti tsiku lina ndidzalowe kutsogolo
ndi kiyi wangawanga,
ndipo bowo ilo ndidzalitseke pakamwa.

Lachisanu kunabwera mtsikana wa khonsolo,
Tikambenji Daka, nsapato zafumbi, tepi m'thumba.
Anayeza khonde, anagogoda mizati,
anajambula ngakhale njira ya chiswe.
Ndinamukhuthulira zonse, mawu ali pamwamba.
Sanatsutse.
Anazungulira kunja, nalowetsa mutu pazenerapo,
nakhala choncho,
thupi ku msewu, maso m'sitolo mwanga,
mpaka ndinachita manyazi ndine.

Atadzuka anagwira msana.
Amama, anatero, kusukulu anatiuza,
koma sanatiuze kuti n'lotsika chonchi.
Munthu ankachita kuwerama.
Mukalitseka, mwana wanga adzati tikunama.

Ndinati: Nanga denga?
Kaundula wanuyo amagula simenti?
Mvula ikatsika ku Kanjala imawerenga chidindo?
Anayang'ana nsapato zake.
Ndalama za chaka chino, akuti, zinathera ku ngalande.
Anandisiyira mafomu atatu,
cholembera anachita kubwereka changa.

Usiku ndinawafunyulula pa kauntala.
Chaka chomangira: analemba kale.
Mwini woyamba: dzina lalitali, zilembo zonse zili bwino.
Womanga: Sadziwika.

Sadziwika!
Ndinafufuta mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka,
n'kulemba mokanikiza, chilembo chimodzichimodzi:
Yotamu Miti, ndi anzake a ku Feni
amene mayina awo ndikafunsa.

Tsopano ndi Disembala.
Chilolezo cha malata chikadali pa tebulo la wina.
Mabeseni atatu amalira usiku wonse,
lililonse ndi liwu lake.
Njerwa zija ndinayala pansi pa matumba a ufa
kuti asanyowe.

Zenera lilipo. Sindinalikhululukire.
M'mawa ndimalipukuta ngati bala la mwini,
mosamala, osalikonda.
Ana a sukulu alipeza okha:
amagulirapo maswiti ndi mapensulo ataima njo,
poti kwa iwo n'lolingana ndi msinkhu.
Koma wamkulu akangoyamba kupinda msana pamenepo
ndimakuwa ndili m'kati:
Iyayi, bambo, zungulirani!
Khomo lili kutsogolo, n'lotsegula,
ndipo nyama, ikakhalapo,
mudzaiona kaye musanalipire.